Nalimata ndi Kompyuta Yomeza Mayina

Padangokhalatu, ndipo ngati muli nane nenani kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi sindikonda kuikamba ndili ndekha.

Kudziko la nyama kudali ofesi ya kaundula. Nyama iliyonse ikabadwa, dzina lake linkalembedwa mu kompyuta imodzi yaikulu ya patebulo. Nyama zonse zinkadziwa kuti kaundulayo ndi wofunika, koma panalibe yodziwa chimene chingachitike dzina litafufutika, poti chiyambire lidali lisanafufutikepo.

Mkulu wa ofesiyo adali Bwana Nyalugwe. Mmisiri wosamalira kompyuta adali Nalimata, mayi wochepa thupi koma wamutu wakuthwa, amene ankalowa m'bokosi la kompyutamo kukapukuta fumbi ndi kumvetsera mmene ikupumira. Mwamuna wake, Gulo, adali mesenjala pa ofesi yomweyo, ndipo pakhomo pankakhala mlonda Njiri. Kompyutayo inkagwira ntchito mwachifatse ngati kalaliki wokalamba, koma siinkaphonya.

Tsiku lina Nyalugwe adabwera kuchokera ku msonkhano nkhope ili gwa.

"Nalimata!"

"Wawa bwana."

"Kompyuta ya Nkhwazi, ya kaundula wa mbalame, imapeza dzina usanamalize kulitchula. Yangayi imayamba yatsokomola kaye. Ndachita manyazi pamaso pa timba, wamva? Timba!"

"Bwana, ubongo wa kompyutayi, umene timati pulosesa, adaupangira liwiro lake. N'zotheka kuukankha kuti uthamange kuposa pamenepo, koma timakweza pang'onopang'ono. Tikakweza kamodzi, timaisenzetsa ntchito yolemera tsiku lathunthu kuti tione ngati siphonya. Ikapirira, m'pamene timakwezanso."

"Tsiku lathunthu? Ine ndikufuna lero."

"Kuthamanga sikufika, bwana."

"Miyambiyo ukaphere ana ako kunyumba. Kweza."

Gulo adanong'oneza mkazi wake akudutsa ndi makalata. "Amayi, kwezani pang'ono basi, mtima wawo ukhale pansi. Abwanawa mawa adzakhala ataiwala." Nalimata adadziwa kuti n'kulakwa, koma adayang'ana zikhadabo za Nyalugwe, n'kukweza.

Kompyuta idathamangadi. Mayina ankatuluka ngati ngumbi, Nyalugwe akuwomba m'manja. Posakhalitsa zonse zidauma, sikirini n'kusanduka yabuluu. Pamenepo fani yoziziritsa ya m'bokosi idayamba kuimba. Sikudali kulira kwa makina ayi, idali nyimbo yeniyeni ya mawu aang'ono, ngati amayi akuimba pamaliro kutsidya kwa mudzi. Nyimboyo inkafunsa kuti ndani watsala panja chitseko chitatsekedwa, n'kudikira kuti wina avomere, koma panalibe wovomera. Nalimata adachita nthumanzi.

"Yatani?" adafunsa Nyalugwe.

"Pulosesa ikathamanga imamva njala ya magetsi, bwana. Njira zilipo ziwiri, kutsitsa liwiro kapena kuwonjezera moto."

"Wonjezera moto."

Nalimata adavomera ndi pakamwa, koma Nyalugwe atatembenuka adatsitsa liwiro mwakabisira. Tsoka lake, pakona ya sikirini pankaoneka nambala ya liwirolo, ndipo ngakhale Nyalugwe sankadziwa kanthu za makina, nambala yaikulu ndi yaing'ono ankazisiyanitsa. Adamugwira mchira Nalimata n'kumukweza m'mwamba.

"Ukundiyesa mwana? Bwezera pomwe paja, uwonjezerenso."

Nalimata atabwezera, Nyalugwe adatseka tsamba losinthira liwiro ndi mawu achinsinsi odziwa iye yekha. Kenaka adamufinya mchira n'kufunsa ngati pali njira ina yotsitsira. Ululu udamulankhulitsa Nalimata, n'kuulula kuti m'bokosimo muli kabatire kozungulira ngati batani la malaya, ndipo ukakachotsa, kompyuta imaiwala zonse zimene aisintha n'kubwerera pa liwiro lake lachibadwa. Nyalugwe adamanga bokosilo ndi loko, adakuta timabowo ta mpweya ndi sefa wa waya, kiyi n'kumukoleka m'khosi mwake.

Mawa lake kompyuta idayamba kutentha. Dzuwa likafika pamutu inkangodzizimitsa yokha, ofesi yonse n'kununkha ngati chitsulo chositira choiwalidwa pa nsalu.

"Tsopano ndiye chiyani?"

"Moto wachuluka, bwana, pulosesa ikupsa. Fani imodzi siikwanira. Mukadangondilola..."

"Ukatchulanso zotsitsa ndikudya. Peza mphepo."

Nalimata adapita kwa Kapitawo wa Njuchi, amene anyamata ake amaziziritsa mng'oma ndi mapiko kunja kukatentha. Njuchi zidabwera, zidandanda pa sefa paja n'kuyamba kukupiza. Kompyuta idaleka kuuma, idaleka kuzima, ndipo inkapeza dzina mwini wake asanakhale n'komwe pa benchi.

"Waona?" adatero Nyalugwe. "Yayaka, siikuzima, ndiye kuti ili bwino."

"Sitinaiyese, bwana. Imene imazima ndi yabwinoko, chifukwa imakuuzani kuti yadwala. Yoopsa ndi imene imaphonya ili chete."

Nyalugwe adaseka mpaka misozi. Mabwana otere ine amandinyansa, chinthu chikangoyaka basi amati ntchito yatha, wonena zoona n'kumuyesa waulesi. Koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Masana omwewo kudabwera Mayi Mbawala atasenza dengu la mphonda, kudzatenga kalata ya ulendo. Nalimata adalemba dzina lawo kuti kompyuta ilifufuze. Bokosi lidatulutsa mpweya wotentha, fani n'kuyamba nyimbo ija, yofunsa za wotsala panja. Ulendo uno mawu ena adavomera kuchokera m'kati mwenimweni mwa bokosi, ndipo adavomera ndi dzina la Mbawala.

Dengu lidagwa pansi, mphonda n'kumwazika.

Nyama zonse zidaphethira. Njiri adayang'ana pansi n'kufunsa, "Kodi dengu ili n'la ndani?"

"Ndi langa, achimwene," adayankha Mayi Mbawala ataima pamaso pake penipeni. Njiri sadamve kanthu. Mayiwo adawerama kuti atole mphonda, koma dzanja lawo linkangopyola. Adazungulira ofesi yonse akupereka moni kwa aliyense, moni wake wosayankhidwa.

Nalimata yekha ndiye ankawaona ndi kuwamva. Mukudziwa kuti nalimata alibe zikope, saphethira, maso amachita kunyambita ndi lilime. Ena onse adataya Mayi Mbawala m'kuphethira kumodzi kuja, m'maso ndi mumtima momwe. Nalimata adafufuza m'kaundula, dzina mulibe. Adalilembanso, kompyuta n'kulimeza. Adalembanso kachiwiri ndi kachitatu, chimodzimodzi.

"Bwana, kompyuta yameza dzina la Mayi Mbawala!"

"Mbawala uti?"

"Amene abwera ndi denguwa. Ali apa, akulira."

"M'dziko muno simunakhalepo nyama yotchedwa choncho. Kutentha kwakulowa m'mutu iwe."

M'mawa mwake Mayi Mbawala adali pomwepo pa benchi, koma atapyapyala ngati utsi, khoma likuonekera kuseri kwawo. Nalimata adayamba kubweza nyama pakhomo, akunama kuti inki ya makalata yatha, kuti pasapezeke dzina lina lofufuzidwa. Nyalugwe adatopa ndi kukhala osaonerera liwiro la kompyuta yake. Dzuwa lili pamutu adakhala yekha pa kiyibodi, n'kuona Gulo akulowa ndi mtolo wa makalata.

"Mesenjala, ima pomwepo. Tione ngati ungafike patebulo pano dzina lako lisanatuluke."

"Wawa bwana, koma ine ndi wothamanga," adatero Gulo akuseka.

"Bwana, musatero!" adakuwa Nalimata ali pakhoma. Adalumpha, koma chala cha Nyalugwe chidali chitagunda kale. Fani idaimba, mawu a m'kati aja adavomera, makalata n'kubalalika pansi.

"Ndani wataya makalatawa?" adakalipa Nyalugwe. "Ofesi yaikulu ngati ino yopanda mesenjala! Njiri, tola."

Gulo adayang'ana manja ake, kenaka mkazi wake. "Amayi, chikuchitika n'chiyani? Bwanji sakundiona?"

"Khalani pa benchipo, abambo, musachoke. Ine ndikukuonani."

Nalimata adamva chisoni chosaneneka, ndiponso adadzida, poti dzanja limene lidayamba kukweza liwiro lidali lake. Tsiku lotsatira, limene lidali lachitatu kwa Mayi Mbawala, dzuwa likulowa, mayiwo adayang'ana Nalimata, adasuntha milomo popanda mawu, n'kuzilala ngati mpweya wa pagalasi. Pa benchi padatsala Gulo yekha, nayenso khoma litayamba kuonekera kuseri kwake. Apo Nalimata adadziwa kuti mwamuna wake watsala ndi tsiku limodzi, ndipo dzina lake silingakhazikike m'kaundula kompyuta isanabwerere pa liwiro lake. Kabatire kadali m'bokosi, bokosi lili ndi loko, kiyi ali m'khosi mwa Nyalugwe.

Mmisiri salira nthawi yaitali. Kutacha Nalimata adalawirira ku ofesi, n'kutsegula kaundula wa nyama zimene zidafa kalekale. Adazipepesa kaye. "Inu akumanda, mundikhululukire, ndikubwerekeni mayina." Adayamba kuyesa, akusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi monga amachitira amisiri. Dzina lalifupi, kompyuta ikadali yozizira, linkapulumuka. Dzina lalitali, lokhala ndi maudindo ambiri, linkaitenthetsa msanga. Dzina lobwerezedwa kosalekeza silinkapulumuka konse, makamaka njuchi zikapumula. Nthawi iliyonse imene dzina lamezedwa, nyimbo ija inkamveka, ovomera akuchulukirachulukira. Nalimata adaleka, poti zimene ankafuna adali atazidziwa.

Nyalugwe atafika adamupeza akumwetulira.

"Bwana, ndabwera kudzapepesa. Munkanena zoona, kompyutayi ili bwino, ine ndi amene ndimachita mantha achabe. Changotsala n'kuyesa kwa chionetsero, kuti mbiri ikafike kwa Nkhwazi."

"Tsopano ukulankhula. Kumatheka bwanji?"

"Timaika dzina limodzi, kompyuta n'kumalifufuza ndi kulitchula pa sipika kosalekeza, kuyambira m'mawa uno mpaka masana. Sipikayo timaiika pawindo kuti dziko lonse limve liwiro lake. Ndaikamo langa, poti ndi lopepuka."

"Chabwino, yamba."

Gulo adadzuka pa benchi akupukusa mutu. Koma Nalimata adaika chala pa kiyibodi osagunda, n'kulankhula ngati akungodziyankhulira.

"Odutsa adzayesa kuti ofesi ino ndi ya Nalimata, koma musadandaule bwana, ndidzawafotokozera kuti n'zoyesa chabe."

Kudziko limenelo kudali mwambo wolimba. Pagulu, dzina la wamng'ono silinkatchulidwa la wamkulu lisanamveke, ndipo la wamkulu silinkatchulidwa lamaliseche, linkayenda ndi maudindo ake onse. Ngakhale pa maliro ankayamba atchula mabwana, womwalirayo pambuyo. Ndevu za Nyalugwe zidaima.

"Chotsa chala. Dzina la kanalimata limveke pawindo langa tsiku lonse, ine ndili moyo? Ika langa."

"Ayi bwana, lanu ndi lolemera. Kompyutayi siingalisenze."

"Dzina langa lilemere kompyuta yanga?"

"Ndikunena zoona, bwana. Ilimeza."

"Dzulo umati imameza, lero wati ili bwino, tsopano ukuti imezanso. Ukufuna kutchuka iwe, ndakuona."

"Njiri, mwamva kuti ndawachenjeza?"

"Ndamva, mayi," adayankha mlondayo.

Nyalugwe adamukankhira kumbali n'kudzilembera yekha. Adalemba Nyalugwe, Mwini Nthambi Zonse, Wamawanga Osawerengeka, Woyenda Udzu Osamva, Mkulu wa Kaundula, Wosunga Kiyi, ndi ena ambiri amene ine ndilibe mpweya wowatchulira. Adagunda. Sipika idayamba kulakatula mayinawo mwaliwiro, ikamaliza n'kuyambiranso. Nyalugwe adakhala pampando, mchira ukugwedera ndi chimwemwe.

Patapita kanthawi Nalimata adapendeketsa mutu. "Kaya kunjako akumva bwino? Ine ndikungomva njuchi."

Nyalugwe adatchera khutu. Zoonadi, mapiko a njuchi ankalira pamwamba pa maudindo ake. "Kapitawo! Chotsa anthu akowa, akundiphimba dzina."

"Bwana, tikachoka ipsa," idatero Njuchi.

"Chokani!"

Njuchi zidatuluka pawindo. Mpweya wa m'bokosi udayamba kuwotcha ngati wa mu uvuni wa njerwa. Sipika idayamba kuchita chibwibwi, kudumpha udindo uwu, kubwereza uwo. Kenaka fani idaimba. Idafunsa funso lake lija la wotsala panja, ndipo ovomera adali khamu, akumanda onse amene adabwerekedwa mayina, pamwamba pawo pakumveka mawu a Mayi Mbawala. Adavomera mosathamanga, akutchula udindo umodziumodzi, ndipo udindo uliwonse ukatchulidwa unkazima pa sikirini. Nyalugwe adadzuka kuti azimitse kompyuta, koma dzina lenilenilo lidali litatchulidwa kale.

Kiyi adagwa pansi, ngwe!

Njiri adaphethira. "Kodi kiyi uyu ngwa ndani?"

"Ngwanga, achimwene, patseni," adatero Nalimata.

Nalimata adazula waya wa magetsi, adatsegula loko, n'kulowa m'bokosi zitsulo zikadali zamoto. Mapazi ake adapsa koma sadabwerere. Adakachotsa kabatire kaja, adadikira kuti pulosesa izizire, akuwerenga kupuma kwake, kwinaku akusuzumira pa benchi pomwe Gulo adali atatsala ngati chithunzi cha m'madzi. Dzuwa litapendeka adabwezera kabatire n'kuyatsa. Kompyuta idatsokomola monga kale, nambala ya pakona ili yaing'ono, fani ikungopuma popanda nyimbo.

Nalimata adalemba dzina la mwamuna wake pang'onopang'ono. Lidakhala. Adalifufuza, lidatuluka. Adalifufuzanso, lidatulukanso.

"Ah, a Gulo!" adatero Njiri. "Munali kuti? Nanga mutuwo mwaupaka chiyani?"

Gulo adali ataima pakati pa ofesi, thupi lathunthu, koma mutu wake udali wabuluu ngati sikirini ija. Nalimata adamuthamangira n'kumugwira, ndipo dzanja silidapyole. "Abambo, mwabwera! Lankhulani, abambo." Gulo adatsegula pakamwa, koma simudatuluke kanthu. Mawu ake adali atapita kale m'mawa wa tsikulo, kompyuta ikadali yamoto. Adangogwedeza mutu.

Nalimata adalembanso dzina la Mayi Mbawala. Lidakhala bwinobwino pa sikirini, koma pakhomo sipadalowe munthu. Adabwezeranso mayina a akumanda aja, limodzilimodzi, akuwathokoza.

Nthawi yonseyi Nyalugwe adali pambali pake. Poyamba adabangula, n'kumumenya ndi zikhadabo zimene zinkangopyola. Kenaka adalamula. Pofika tsiku lachiwiri adagwada.

"Mayi Nalimata, lembani dzina langa. Ngakhale lopanda maudindo, lembani."

"Ndilemba, bwana. Mungondiuza kaye dzina la mayi amene adagwetsa dengu muno."

Nyalugwe adaganiza, adaganiza. "Dengu liti?"

"Mukalikumbukira mundiuze. Ine ndili pompano."

Sadalikumbukire. Ena amati Nalimata adachita nkhanza, poti bwanayo adaiwala monga adaiwalira wina aliyense. Ine sindiweruza, koma ndikadakhala ine, kiyibodiyo sindikadaikhudzanso. Tsiku lachitatu dzuwa likulowa Nyalugwe adazilala, maso ake ndiwo adamalizira, ali pa Nalimata.

Koma mkwiyo sufufutika msanga ngati dzina. M'mawa mwake Njiri adasesa mu ofesi, ndipo asanaike tsache pansi, pafumbi padaoneka mapazi aakulu a zikhadabo, akuzungulira tebulo la kompyuta. Adasesanso, adaonekanso. Kuyambira tsiku limenelo Nalimata sapondanso pansi ngati pali pothawira. Amayenda m'makoma ndi kudenga, mapazi ake opsa aja atatambalala, ndipo Gulo adakwera mumtengo wa pafupi ndi windo.

Madzulo aliwonse akaweruka, Nalimata amapita pawindopo kukacheza ndi mwamuna wake. Amamuuza za kuntchito, kuti kompyuta ikuchedwa monga kale ndipo palibe wodandaula. Nkhani zikatha amafunsa funso limene limamudya mumtima.

"Abambo, kodi mumandiimba mlandu poti ndine ndidakweza liwiro lija?"

Gulo amagwedeza mutu.

"Nanga mudandikhululukira?"

Gulo amagwedezanso mutu, chimodzimodzi, ndipo mpaka lero Nalimata sadziwa kuti yankho lake lenileni ndi liti.

Nthano yanga yagona pamenepo. Amene watsala ndi funso akafunse Gulo.